Anzanga akubwera Loweruka, aliyense ndi mowa wake, ndiziziritsa bwanji kutentha kuno?

Membala wosatchula dzina: Akuluakulu a pa gulu pano ndithandizeni nzeru. Anzanga amene tinkagwira nawo ntchito ku Blantyre akubwera kuno ku Mangochi Loweruka likudzali. Tinapangana kuti aliyense atenge mowa umene amaukonda tizilawitsana, osati zoledzera ayi. Ena ndi a Green, wina sachoka pa Stout, azimayi akuti Savanna ndi Hunter's, wina wati atenga Chibuku. Kutentha kwa Okutobala kuno mukukudziwa. Cooler box yanga alamu anga anabwereka n'kuikamo chambo, mpaka lero ikununkha ndipo sanapepese n'komwe. Eni nyumba nawo amadandaula ndikalandira alendo, chonsecho lendi sindichedwetsa. Mayi a kunyumba akuti ndikumwaza ndalama. Ndiye ndiziziritsa bwanji, nanga tiyambe ndi uti kuti kukoma kusasokonekere?

Mdala wa pa Makawa: Achimwene, choyamba botolo la Green lisaone dzuwa. Mu mowa muli hops, maluwa amene amaupatsa kuwawa kuja, ndipo kuwala kukalowa mowa umayamba kununkha ngati kanyimbi. Botolo lobiriwira ndi loyera amalowetsa kuwala, lofiirira ndi lomwe limateteza. Kusiya kireti pa mchenga masana, ngakhale kwa kanthawi kochepa, mwauononga kale, ndipo kuuziziritsa pambuyo pake sikuchotsa fungolo. Fundirani kireti ndi chiguduli kuyambira pogula. Za polawa, yambani ndi wopepuka: Kuche Kuche, kenako Green, kenako Special, Stout kumapeto. Mukayamba ndi Stout lilime limadzala kuwawa, Green mudzaumva ngati madzi.

Mayi a Tadala: Bambo, mwatiuza za alamu ndi za eni nyumba, koma simunanene kuti mukhala angati. Mukhalira pakhomo kapena kunyanja? Filiji muli nayo?

Wa ku Namiyasi: Gulani ayezi wa buloko, wa tizidutswa sachedwa kusungunuka. Buloko limodzi muliphwanye, lina likhale lathunthu pansi pa bokosi. Mabotolo aimike, ayezi woswa adzaze m'mipata. Madzi akasungunuka musawataye, ndi omwe amakhudza botolo lonse n'kuliziziritsa. Mukafuna zachangu tengani ndowa ya malita 20, ayezi theka, madzi ofika m'khosi mwa mabotolo, mchere manja awiri. Mchere umachititsa madziwo kuzizira kupitirira ayezi wamba, pakatha mphindi 15 kapena 20 mowa wazizira. Buloko losungira mulikulunge m'thumba la utuchi kapena mankhusu a mpunga, pamthunzi.

Mdala wa pa Makawa: Zamcherezo n'zoona koma mutsuke kukamwa kwa botolo musanatsekule. Ndipo Stout musaiike mu ndowayo. Ikazizira kwambiri fungo lake la chimera chokazinga limabisala. Ichotseni mu ayezi mphindi 10 musanamwe. Za ma cider sindinena, imeneyo ndi Sobo ya akuluakulu.

Aunt a pa Boma: Mdala musanamize anthu. Savanna Dry imalembedwa 6% pa botolo, Green wanuyo safika pamenepo. Anthu amapusitsidwa ndi kutsekemera, amamwa mofulumira chifukwa cha ludzu, kenako miyendo yakana. Inu ofunsa, cider ndi wa maapozi, alibe hops, ndiye za kanyimbizo sizimukhudza, koma akafunda amatsekemera mpaka kukola. Ameneyu ndiye akhale pansi penipeni pa ayezi. Savanna muike kachidutswa ka ndimu pakhosi pa botolo. Hunter's Gold ndi wotsekemera kuposa Hunter's Dry, choncho yambani Dry.

Mdala wa pa Makawa: Mphamvu si kukoma, mayi. Mowa wa Carlsberg wakhala ukufululidwa ku Blantyre kuyambira 1968, ndipo fakitale imeneyo inali yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark. Kampani ya Castel inaitenga mu 2016. Ma cider anuwo amachokera ku South Africa, amayenda ulendo wonsewo pa thiraki padzuwa, n'chifukwa chake mtengo wake uli m'mwamba. Green ndi wapafupi, sakhalitsa mu shelefu.

Aunt a pa Boma: Ndiye aone deti pa botolo, basi. Wokhalitsa amapezeka mbali zonse, makamaka m'magolosale momwe mowa suyenda.

Chibuku Yekha: Mwaiwala wa Chibuku uja. Cha m'paketi chimakhala chikuwirabe, n'chifukwa chake pamwamba pali potulukira mpweya. Musachigoneke, musachimize m'madzi a ayezi, paketi idzafewa madzi n'kulowa. Chiimikeni pamthunzi. Kutentha kwa kuno chimasasa msanga, ndiye mnzanuyo asachinyamule kuchokera ku Blantyre, agule konkuno tsiku lomwelo. Chatsopano chimatsekemera, chikamagona chimawawasa ndi kuwonjezera mphamvu. Khutchumulani musanatsekule, chala chili potulukira mpweyapo. Polawa chikhale pachokha ndi makapu ake, chifukwa chimakhutitsa.

Bambo a Yusufu: Ine simumwa, koma ndinene. Dera lino ambiri ndi Asilamu, mwina eni nyumba anuwo chimene amadandaula ndi phokoso ndi mabotolo pakhonde, osati alendo. Apempheni mwaulemu lisanafike tsikulo, ndipo ana asatumidwe kukagula mowa.

Wa ku Namiyasi: Za bokosi lonunkha nsomba palibe wayankha. Tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo, kenako pakani soda wophikira wosakaniza ndi madzi pang'ono, makamaka m'makona ndi pa labala ya chivindikiro, poti fungo limabisala m'menemo. Agone usiku, mutsukuluze, muumike chotsekula. Likatsalabe ikanimo makala ouma mutseke tsiku lathunthu. Ayezinso mufunse kuti sanakhalepo pa nsomba.

Mdala wa pa Makawa: Matambula nawo. Tambula ya mafuta kapena yotsalira sopo imapha thovu nthawi yomweyo, ndiye wodya chambo chokazinga apukute milomo asanamwe. Pothira pendeketsani tambula, muiwongole ikafika pakati, thovu likhale zala ziwiri. Botolo la 330ml limakwana anthu atatu olawa. Pakati pa mowa ndi mowa imwani madzi. Ndipo wina asakuuzeni zoponya mabotolo mu freezer n'kuiwala, mowa ukaundana umafufuma, botolo limaphulika kapena chitsekerero chimatukuka mpweya n'kuthawa.

Nesi wa Usiku: Ngati mukupita kunyanja, kusamba kuyambe, mowa pambuyo. Womwa asalowe m'madzi kapena kukwera bwato, ngakhale akhale katswiri wosambira. Mabotolo abwerere m'kireti, osweka mu mchenga amacheka ana. Amene ayendetse galimoto kubwerera ku Blantyre kudzera ku Liwonde asalawe n'komwe, kapena onse agone abwerere Lamulungu.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Soda ndagula. Alamu aja akuti nawonso abwera, sindikudziwa kuti wawauza ndani. Ndiye ayezi ndigule mabuloko angati?

Mayi a Tadala: Bambo inu, muli anthu angati?

Mdala wa pa Makawa: Kireti imodzi ndi mabotolo 20. Buloko lalikulu limodzi pa kireti iliyonse, ndi lina losungira m'utuchi la madzulo. Ma cider awerengereni paokha, eni ake agule ayezi wawo.