Mwana wanga wapenga ndi Doctor Who, ndimugulire chiyani ndi £50?

Moni nonse a m'gulu lino. A adimini, dzina langa mulibise chonde, abale a kuchimuna ali momwe muno.

Ndimakhala ku Nottingham, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Mnyamata wanga wa zaka 12 anatipeza kuno atayamba kale sukulu ku Zomba, ndipo atangofika anasanduka mwana wachete. Akaweruka, molunjika kuchipinda. Anzake analibe, mpira sankaufuna. Pa Khirisimasi ya 2023 tinatsegula BBC One n'kupeza sewero la Doctor Who, wosewera wamkulu ali munthu wakuda, Ncuti Gatwa. Mwana atamva kuti munthuyo anabadwira ku Rwanda n'kukulira ku Scotland, basi zinathera pomwepo. Lero m'nyumba muno simukambidwa nkhani ina. Tikamadya nsima akutifotokozera za Gallifrey, dziko la kwawo kwa Doctor, za Doctor yemweyo kuti ali ndi mitima iwiri, za bokosi la buluu limene m'kati ndi lalikulu kuposa kunja. Mlongo wake wa zaka zitatu akuyendayenda ndi chipande m'manja akukuwa kuti "Exterminate!" pomwe dzina la agogo ake limamuvuta kutchula.

Kusukulu wapeza anzake awiri okonda zomwezi, ndipo zimenezo ndikuthokoza. Vuto ndi katundu. Wandilembera mndandanda wa tsiku lake lobadwa: sonic screwdriver (kachida ka Doctor koyaka ndi kulira), chidole cha Dalek (adani a Doctor ooneka ngati maloboti, okuwa "Exterminate!" aja), TARDIS (bokosi la buluu lija) ya LEGO, sikafu yaitali ya mizeremizere, magazini, ndi ma DVD akalekale osakhala ndi mitundu. Ine ndili ndi £50 basi, kumudzi akudikira ya feteleza.

Ndinamugulirapo ka screwdriver kotchipa kwa wogulitsa wina pa intaneti. Kanafika m'pepala la pulasitiki, kanayaka madzulo amodzi, m'mawa kanali katafa. Mwana sanadandaule, anangokaika m'dirowa, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa akanalira.

Ndiye amene mukuzidziwa, chenicheni ndingachizindikire bwanji? Pa mndandandawo chofunika kuyambira ndi chiti? Komanso akuti zidole zina sadzazitsegula, zizikhala m'bokosi chifukwa mtsogolo zidzakwera mtengo. Zoona zimenezi, kapena anzake akumunamiza? Bambo ake akuti zonsezi n'zachibwana, zileke.

MAYANKHO

Bambo wa ku Luton:
Amayi, bambo a mwanayo akunena zoona. £50 mukaisintha ndi ndalama yoti kwanu ikagwira ntchito yooneka. Mugulireni nsapato za sukulu. Ana a kuno tikuwalekerera kwambiri.

Mayi wa ku Leeds:
Achimwene a ku Luton, mwana amene anali chete wayamba kuyankhula, inu mukuti agulidwe nsapato? Nsapato amagula kale mayiyu, sanafunse zimenezo.

Mnyamata wa ku Cardiff:
Anti, nkhani iyi ndi yanga. Ndimakhala mumzinda umene seweroli lakhala likujambulidwa kuyambira pamene linabwerera mu 2005, ndipo ndili ndi shelefu yodzaza, mkazi wanga amaiyang'ana ndi diso lofiira.

Poyamba za chenicheni. Zidole zambiri za Doctor Who ndi ma sonic screwdriver a ana amapanga ndi kampani ya Character Options. Bokosi lake limakhala ndi chizindikiro cha BBC, dzina la kampaniyo, ndi chidindo cha CE kapena UKCA. Ngati ndi Dalek, tembenuzani bokosi muwerenge timalemba ta pansi, mupeza dzina la Terry Nation, amene anayambitsa ma Dalek mu 1963. Chinthu chofika m'pepala la pulasitiki chopanda zonsezi musachikhulupirire. Mukamagula chogwiritsidwa kale ntchito, uzani wogulitsa akutumizireni chithunzi chimene wajambula yekha, komanso kavidiyo kakuonetsa kuti chikuyaka ndi kulira. Akayamba kuzungulira, musiyeni.

Musanagule screwdriver mufunseni kuti akufuna ya Doctor uti, chifukwa anthu amene asewera Doctor ndi ambiri ndipo zimasiyana. Ya David Tennant ndi yowonda, imayaka buluu. Ya Matt Smith ndi yaikulu, imayaka mtundu wobiriwira ndipo kumutu imatambasuka. Ya Ncuti Gatwa ndi yophwatalala, anthu ankaiseka kuti ikufanana ndi rimoti. Mukagula ya wina, mwana adzakuthokozani mwaulemu koma mudzaona nkhope.

TARDIS ya LEGO ichotseni pa mndandanda. Inatuluka mu 2015, anasiya kupanga, ndipo ogulitsa yosatsegula amatchula mtengo woposa ndalama yanu yonseyo. Mashopu a B&M akhala akubweretsa nthawi ndi nthawi timagulu ta zidole za Doctor Who pa mtengo wabwinoko, koma zimatha msanga ndipo si nthambi iliyonse imene imakhala nazo.

Za kusunga m'bokosi, anzakewo sakunama kwenikweni, koma akuuza mwana theka la nkhani. Zidole za ma Dalek za m'ma 1964 ndi 1965, nthawi imene dziko lino linapenga nawo, lero n'zodula chifukwa ana a nthawiyo anaseweretsa n'kuswa, zotsala ndi zochepa. Masiku ano aliyense akusunga zake m'bokosi, ndiye zidzasowa bwanji? Mwana wa zaka 12 atsegule, aseweretse.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri achimwene. Ndamufunsa mochenjera, akuti ya Ncuti. Ndimayembekezera.

Mayi wa ku Coventry:
Ine ndingofunsa ngati mayi mnzanu komanso mayi wa mvano. Mwaonera nokha zimene mwanayo akuonera? Mdzukulu wanga anandionetsa gawo lina, muli ziboliboli za angelo zimene zimasuntha ukangophethira. Ine sindinagone. Komanso munthu ameneyu akuti akafa amadzuka ndi nkhope ina. Zinthu zotere kuzilowetsa m'nyumba, mpaka kuziika pa shelefu ya mwana, ine mtima sukundilola.

Mphunzitsi wa ku Glasgow:
Amayi a ku Coventry, nkhawa yanu ndi yomveka, koma za kusintha nkhopezo chiyambi chake n'chapansi pompano. William Hartnell, amene anayamba kusewera Doctor pa 23 November 1963, anafooka m'thupi, ndipo mu 1966 a BBC anafuna njira yoti sewero lipitirire ndi munthu wina, Patrick Troughton. Olemba ndiye anapeka zoti munthu wa ku dziko limenelo thupi likatha amasintha. Ndi nzeru ya ntchito imeneyo, n'chifukwa chake sewero lakhalitsa zaka zoposa 60.

Kuopsa kokha ndikuvomereza. Angelo amenewo anayamba kuoneka mu 2007 ndipo akuluakulu omwe amawaopa. Makolo a kuno amakamba okha kuti ali ana ankaonera ma Dalek atabisala kuseri kwa sofa. Mwana wa zaka 12 apirira, koma wa zaka zitatuyo azichoka pabalaza.

Chimene ndikufuna muchigwire, mayi wofunsa, ndi ichi. Pa BBC iPlayer, poonera za BBC pa intaneti, anaika pamodzi masewero a banja limeneli. The Sarah Jane Adventures anapangira ana, alibe vuto. Koma pomwepo palinso Torchwood, imene ndi ya akuluakulu, muli zachiwerewere, magazi ndi kutukwana. Mwana akamaliza zina adzaidina poganiza kuti ndi zomwezo. Mutsekereni ndi PIN lero lomwe.

Ma DVD musagule. Ngati mumalipira laisensi ya TV, magawo akale ambiri ali pa iPlayer pomwepo kuyambira mu November 2023. Ndipo mupite naye ku laibulale. Kuli timabuku ta Target, timene anayamba kutulutsa mu 1973, tofotokoza nkhani za seweroli. N'tating'ono, Chingerezi chake n'chosavuta, ndipo ana aamuna amene amathawa mabuku ndawaona akutimaliza. Takale timapezekanso m'mashopu a charity, kaunjika wa kuno.

Agogo a ku Slough:
Mwana wanga, nkhani yako yandibwezera kutali. Bambo anga anachoka ku Dedza kukagwira ntchito ku migodi ya ku Zambia, ine ndinakulira ku Kitwe. M'zaka za m'ma 1960 sewero limeneli linkaonetsedwa pa TV ya kumeneko. Kwathu kunalibe TV, tinkakaunjikana pawindo la nyumba ya kalaliki wina, zithunzi zakuda ndi zoyera, mawu osamveka bwino. Doctor wake anali mdala wa imvi, wokalipakalipa. Ma Dalek akatulukira, ana ang'onoang'ono ankathawa n'kugwera m'maluwa a mwini nyumba, mawa lake tonse tinkathamangitsidwa. Titabwerera ku Malawi ndinkafotokozera anzanga, ankati ndikunama, pajatu TV kwathu inadzayamba mu 1999.

Ndiye ngati pali amene mukuganiza kuti izi n'za azungu okha, ife tinaziona muli m'mimba. Mwanayo mumuuze kuti kuli agogo ake amene anawaona ma Dalek asanakhale ndi mtundu.

Mnyamata wa ku Cardiff:
Agogo, mwandiimitsa tsitsi! Mwina munaona ndi maso anu magawo amene lero kulibe. Kale a BBC ankafufuta matepi kuti ajambulirepo zina, ndipo magawo oposa 90 a m'ma 1960 anasowa. Ena anapulumuka chifukwa makope ankatumizidwa ku mayiko akunja. Mu 2013 analengeza kuti magawo 9 apezeka mumzinda wa Jos ku Nigeria, ali m'zitini pa siteshoni ya TV. Anti, muuzeni mwana nkhani imeneyi, akakhala mfumu kusukulu. Mumuuzenso kuti magawo ena a 2018, pamene Doctor anali Jodie Whittaker, anajambulidwa ku South Africa, ndipo mu 2025 munali gawo lochitikira m'nyumba yometera tsitsi ku Lagos.

Namwino wa ku Manchester:
Ine za sewero sindikudziwa, ndalowa chifukwa mwatchula mwana wa zaka zitatu. Tizidole toyaka ngati timeneti nthawi zambiri timayendera timabatire tozungulira tonga mabatani. Mwana akameza kamodzi kamawotcha kummero m'maola ochepa, ndi nkhani yothamangira nayo kuchipatala. Kakufa kali m'dirowa kaja katulutseni, muchotse mabatire mukataye koyenera. Chimene mugule chikhale chotseka mabatire ndi sikuluwu.

Wofunsa:
Asisi, mwandidzidzimutsa. Ndakachotsa pompano, chitseko chake chimangotseguka ndi chikhadabo.

Mayi wa ku Leeds:
Ndabweranso pa nkhani ya sikafu. Imeneyo musagule, lukani. Ndi ya Tom Baker, amene anasewera Doctor kuyambira 1974 mpaka 1981. Nkhani yake imati wokonza zovala anapereka ulusi wambiri kwa mayi wina woluka, Begonia Pope, osamuuza utali, ndiye mayiyo anangoluka mpaka ulusi wonse kutha. N'chifukwa chake imakwekwereza pansi. Ili ndi mitundu 7, ndipo kalukidwe kake ndi kaja koyambira kuphunzira, kopanda maluwa. Ngati munaphunzirapo zoluka ku pulayimale, manja akumbukira. Yeniyeni imapitirira mamita atatu, koma ya mwana mufupikitse, angakodwe nayo pa basi. Ulusi wa acrylic wa kumsika ukwana, ndandanda ya mizere yake okonda seweroli anaiika pa intaneti ulere.

Ine ndimaluka pa shifiti ya usiku okalamba akagona. Gogo wina wa kuntchito kwathu, amene masiku ambiri sadziwa kuti ali kuti, anaona mitunduyo n'kutchula yekha dzina la Tom Baker.

Bambo wa ku Luton:
Chabwino, ndamva. Koma muike malire. Lero screwdriver, mawa adzafuna tikiti ya kumsonkhano wa okonda zimenezi, kenako sitima ya ku London. Mwana aziikako yake.

Mphunzitsi wa ku Glasgow:
Apa mwanena zoona bambo. Magazini ija, Doctor Who Magazine, yakhala ikutuluka kuyambira 1979 ndipo siidzatha mawa. Azisunga yekha ndalama ya m'thumba n'kumagula akakwanitsa, kapena azisinthana ndi anzake awiri aja. Chinanso mayi, Ncuti Gatwa anachoka mu May 2025. Muone ngati mwanayo akukondabe sewero lonse kapena ankakonda munthuyo, musanadzaze nyumba.

Wofunsa:
Aphunzitsi, pamenepo ndiye palibe chikaiko. Tsiku limene Ncuti anasintha nkhope mwana analira, koma sabata yomweyo anayamba za Patrick Troughton, panopa akuti ameneyo ndiye katswiri. Ine zakuda ndi zoyerazo zimandigonetsa.

Ndachita chonchi. Screwdriver ya Ncuti ndaipeza m'shopu, bokosi lili ndi zizindikiro zonse zimene munanena, ndaibisa pamwamba pa wadiropu. Yotsala ndagula ulusi. LEGO ndamuuza poyera kuti sizitheka, wangoti "chabwino amama." PIN ndaika. Laibulale tipita Loweruka. Dalek bambo ake akuti aganiza, ndipo dzulo ndawapeza ataima pakhomo la pabalaza mpaka gawo lonse kutha, ati amadikira nkhani.

Agogo a ku Slough, mwana akufunsa ngati mukukumbukira nkhani ina iliyonse imene munaona ku Kitwe, ngakhale pang'ono. Wakonza kale kope ndi cholembera. Ngati mungalole, a adimini atilumikize.

Amayi a ku Leeds, singano ndigule za nambala yanji, ndipo ndiyambe ndi maso angati? Tsiku lobadwa lili mwezi wamawa, ndipo mtundu wofiirira wa pa ndandanda ija kumsika kuno sindikuupeza.