Nyumba ya ku Makawa: ndigule kapena ndizingokhala pa lendi pa boma?

Nabanda: Mwaswera bwanji nonse. Pali nkhani yandisowetsa tulo sabata ziwiri tsopano. Ndakhala pa lendi pano pa boma ku Mangochi zaka zisanu ndi chimodzi, K160,000 pamwezi, ndipo alandilodi anena kale kuti Januwale akweza. Tsono kwapezeka nyumba cha ku Makawa, kumunsi kwa msewu wa ku Monkey Bay, mbali ya kunyanja. Zipinda zogona zitatu, yamalata, magetsi analowa kale, koma siling'i ilibe ndipo mpanda ndi wabango. Eni ake akufuna K30 miliyoni. Ine ndasonkhanitsa K17 miliyoni ku SACCO ndi ku banki m'khonde, yotsalayo ndiye kukongola. Chomwe chandilimbitsa mtima n'chakuti kuntchito anatilola kugwirira kunyumba masiku atatu pa sabata, ku ofesi timangopita Lolemba ndi Lachinayi. Ndigule?

Jafali wa ku Joni: Achemwali, gulani lero lomwe. Ine kuno ku Johannesburg ndatha zaka zisanu ndi zinayi, ndipo chomwe ndinaona n'chakuti ndalama ya kwathuko sisungika. Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti usiku umodzi. Amene anasunga ku banki anadzuka ndi manambala omwewo koma matumba a simenti ochepa. Amene anali ndi khoma anadzuka ndi khoma lomwelo. K17 miliyoni yanuyo chaka chamawa idzagula chiyani?

Asiyatu: Eee a Nabanda mukukakhala kunyanja! Tizidzabwera Loweruka lililonse kudzadya chambo chootcha.

Bambo a Yankho: Chambo tidya, koma tiyeni tiyambe tagwira pensulo. A Nabanda, minibasi kuchoka ku Makawa kufika pa boma ikutenga zingati masiku ano?

Nabanda: Dzulo ndinalipira K4,000 popita, K4,000 pobwera.

Bambo a Yankho: Ndiye K8,000 patsiku. Masiku awiri pa sabata ndi maulendo asanu ndi atatu pamwezi, K64,000. Apa zikuoneka bwino, ndi yochepa kuposa lendi. Koma tsiku lomwe abwana adzanene kuti aliyense azibwera ku ofesi tsiku lililonse, ndi masiku 22, K176,000. Yaposa lendi yomwe mukuithawayo. Tisanathe, ngongole. K13 miliyoni, tiyerekeze chiwongoladzanja cha 30 peresenti pachaka, kubweza zaka zisanu, muzidulidwa pafupifupi K420,000 mwezi uliwonse. Pomaliza mudzakhala mutabweza K25 miliyoni ndi kanthu pamwamba. Nyumba ya K30 miliyoni yasanduka ya K42 miliyoni musanakhome siling'i.

Jafali wa ku Joni: Achimwene, masamu anuwa akuiwala chinthu chimodzi. Lendi siimaima pamodzi. Zaka zisanu zikubwerazi K160,000 idzakhala ili pati? Ndipo lendi ukalipira yapita, sumatsala ndi njerwa ngakhale imodzi.

Bambo a Yankho: Chiwongoladzanja nachonso chikapita chapita, achimwene. K12 miliyoni imeneyo simutsala nayo njerwa.

Mayi a Tamanda: Ine masamu ndiwasiyira abambowa. Ndifunse chabe, a Nabanda, za masiku atatu akunyumbawa zinalembedwa mu kontirakiti yanu, kapena abwana anangonena pamsonkhano?

Nabanda: Anatumiza imelo kwa tonse. Mu kontirakiti mulibe.

Mayi a Tamanda: Ndimaopa zomwezo. Ife kuntchito kwathu tinayamba kugwirira kunyumba 2020 nthawi ya Covid. Zinayenda bwino, mpaka mnzathu wina anasiya nyumba pa boma n'kusamukira kwa makolo ake ku Namwera, ati kukuzizira bwino ndipo lendi kulibe. Kenaka kunabwera bwana watsopano. Sabata yake yachiwiri anaika buku pakhomo, aliyense azisaina 7:30. Mnzathuyo anayesa mwezi umodzi kutsika ndi kukwera phiri lija tsiku ndi tsiku, anaonda tikumuona. Mapeto ake anadzapeza kachipinda kamodzi ku Mpondasi, banja linatsala kumtunda. Imelo imafufutidwa ndi imelo inzake, amayi. Ndiponso ngati ntchito yanu ili ya pulojekiti, funsani kuti ndalama za opereka thandizo zikutha liti. Ngongole ya zaka zisanu pa kontirakiti ya zaka ziwiri, mmm.

Che Saidi: Salaam aleikum nonse. Mwanangu Nabanda, ine ndine mkulu, za makompyuta sindizidziwa, koma nyanja iyi ndakula nayo. Mwati nyumbayo ili kumunsi kwa msewu. Kuchoka pakhonde kukafika pamadzi ndi mtunda wotani?

Nabanda: Kuyenda pansi mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, anganga.

Che Saidi: Mwezi uno. Nyanja imatsika chilimwe, imadzaza kumapeto kwa dzinja, cha mu Epulo ndi Meyi. Amene akugulitsa malo a kunyanja amakonda kuonetsa mu Okutobala ndi Novembala mchenga uli mbee. Mu 2024 madzi anakwera mpaka kulowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo m'mbali monsemu, anthu ena amafika pakhomo pawo pa bwato. Ambiri amaloza zitseko za pa Liwonde kuti zikutsekereza madzi a Shire, koma akulu a zamadzi amati akatsekula kwambiri asefukira a kumunsi. Amene munamanga pafupi mumangopenya. Ife akale tikukumbukira kuti cha m'ma 1980 inakweranso choncho, ndiye kenaka inabwerera, anthu n'kuyamba kumanga momwe munali madzi. Mukapitanso musayang'ane penti wa pabalaza. Zungulirani kuseri, muone khoma cha m'munsi. Madzi akaima pakhoma amasiya mzere, pulasitala amafufuma n'kumayoyoka ngati ufa ukakanda ndi chala. Ngati apaka penti watsopano kuchokera pansi kufika m'mawondo basi, dziwani kuti pali chomwe akubisa. Muonenso chimbudzi. Kumene madzi ali pafupi dzenje limadzaza lokha. Chikomekome cha mkuyu, mwanangu.

Asiyatu: Anganga mwatiopseza ife a chambo.

Che Saidi: Chambo chimakoma chili m'mbale. Chikayamba kusambira pakhonde ndiye ayi.

Nabanda: Kunena zoona kuseri sindinapiteko. Adobadoba anandilowetsa khomo lakumaso, tinatulukiranso komweko, amati akuthamangira kasitomala wina.

Mphatso IT: Ndilowepo pa za kugwirira ntchito kunyumba, chifukwa ine ndimadyera momwemo chaka chachinayi tsopano, ndili cha ku Namiasi. Anthu amaganiza kuti ukakhala ndi laputopu ndi tebulo basi watha. Choyamba magetsi. Mukukumbuka Januwale 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo tinakhala mu mdima wosinthana kupitirira chaka. Ine nthawi imeneyo ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito, msonkhano uli mkati laputopu thii. Ndinagula sola, mapanelo awiri, batire ndi invata, ndipo batire loyamba linafa chaka chisanathe chifukwa cha kutentha. Ikani ndalama imeneyo pa mtengo wa nyumba. Chachiwiri netiweki. Musafunse eni nyumba, adzati imagwira bwino. Tengani masimu onse awiri, wa Airtel ndi wa TNM, mukakhale m'chipinda chomwe mukufuna chikhale ofesi, muimbe vidiyo kwa mphindi makumi awiri masana, mubwerezenso madzulo anthu ataweruka. Kwanga kuno pabalaza imagwira, kuchipinda chakumadzulo ndimachita kuimika foni pawindo pamwamba pa chitini. Intaneti ya pa satelaiti ya Starlink inafika m'dziko muno 2023 ndipo imathandiza, koma zida zake ndi malipiro apamwezi si zamasewera. Chachitatu, malata opanda siling'i mu Novembala kuno ku Mangochi. Ikamakwana 11 koloko m'nyumba simukhalika, laputopu imalira ngati chigayo kenaka n'kudzizimitsa yokha. Ine ndinagwirapo ntchito mwezi wathunthu pansi pa mtengo wa mango, mbuzi zikulira kumbuyo, azungu pa Zoom akufunsa ngati ndili ku famu.

Jafali wa ku Joni: Zonsezi ndi zokonzeka. Siling'i ndi sola mungaike pang'onopang'ono. M'nyumba ya lendi ngakhale msomali umachita kupempha.

Mphatso IT: Apo ndikuvomera. Ine sindikunena kuti asagule, komanso sindingabwerere pa boma. M'mawa ndimayamba ntchito 6 koloko kuli zii, usipa ndimagula kwa asodzi okha. Ndikungoti nyumbayo si ya K30 miliyoni. Ndi K30 miliyoni kuphatikiza zomwe zingaisandutse ofesi.

Bambo a Yankho: Muonjezereponso masiku osowa mafuta. Mafuta akasowa minibasi zimachepa, mtengo amatchula kondakitala mmene wadzukira. Pa boma ukhoza kukwera kabaza wapalasa kapena kungoyenda. Kuchoka ku Makawa simungayende pansi kukafika pa wotchi ya pa raundabauti nthawi ya ntchito isanakwane.

Mayi a Tamanda: Tikukamba za a Nabanda okha ngati amakhala okha. Nanga mtsikana wanu uja? Ali sitandade chani?

Nabanda: Sitandade 5. Amaphunzira pano pa boma, amayenda pansi ndi anzake.

Mayi a Tamanda: Ndiye ulendo wa masiku awiri pa sabata uja ndi wanu. Wa mwana ndi masiku asanu. Mwina mumusinthe sukulu, mwina azidzuka 5 koloko kukadikira minibasi pamsewu yekha, mwina mumusiye kwa achibale pa boma muzimuona Loweruka. Kumenekonso kuli sukulu, sindikunyoza, koma mukazione kaye ndi maso musanasaine kanthu. Komanso usiku mwana akatentha thupi, pano chipatala chachikulu chili pafupi. Kumeneko muzidziwiratu kuti mudzagogoda kwa ndani wa galimoto.

Nabanda: Iiii amayi, apa mwandigwira. Ndimangowerengera thiransipoti yanga.

Loya wa m'mudzi: Pepani ndachedwa, ndimawerenga zonse. Sindine loya weniweni, dzinali anandipatsa ndi a gulu lino. Funso langa ndi la mapepala. Akugulitsayo ndani, ndipo ali ndi chiyani m'manja?

Nabanda: Ndi bambo wina, akuti nyumbayo anamanga ndi malemu mayi ake. Ali ndi kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo.

Loya wa m'mudzi: Apo ndiye poyambira. Kuno kwathu malo ambiri amayenda kuchikazi. Ngati nyumba inali ya malemu mayi, alongo ake a bamboyo ndi ana awo ali ndi mawu, amalume awonso, eni mbumba, ali ndi mawu. Msuweni wanga anagula malo kwa mwamuna mmodzi chonchi, ndalama analipira zonse, mboni zinalipo, amfumu anadinda. Atangothira faundeshoni kunatulukira azimayi atatu, wina wochokera ku Makanjira, ati malo a amayi athu sagulitsidwa ife osadziwa. Wogulitsa uja n'kuti atakwera kale basi ya ku Joni. Nkhani inatha zaka zitatu, faundeshoni inamera udzu. Kalata ya amfumu imasonyeza kuti amfumu akudziwa, koma si lizi. Ndipo mukapita ku banki kuti nyumbayo ikhale chikole, adzafuna lizi kapena chikalata cha umwini cholembetsedwa ku boma, chidindo cha amfumu sachilandira. Ndiye K13 miliyoni ija mwina mudzaitenga ngati ngongole ya pa malipiro, yomwe nthawi yake yobweza imakhala yaifupi. Musanapereke ngakhale tambala, pitani ku ofesi ya zamalo kwa DC mukafunse ngati malowo ali a mafumu kapena analembetsedwa kale m'dzina la wina. Kenaka muitanitse abale onse, makamaka achemwali ake, asaine pamaso pa amfumu. Akayamba zoti achemwali ali kutali sangabwere, nyamulani chikwama chanu.

Jafali wa ku Joni: Nanga bwanji nkhani iliyonse yoipa imathera pa basi ya ku Joni? Ife tilakwanji?

Asiyatu: Kkkkk a Jafali khalani chete, mwagulitsa malo angati inu?

Jafali wa ku Joni: Ine ndimagula, achemwali, sindigulitsa. Koma pa za mbumba ndagonja, a Loya anena zoona. Ineyo puloti yanga ndinasainitsa anthu asanu ndi awiri, mpaka agogo ena anadinda chala.

Bambo a Yankho: Maganizo anga ndi awa. K17 miliyoni muli nayo m'manja popanda ngongole. Bwanji osafuna puloti kufupi ndi boma, kumtunda kosafika madzi, komwe kabaza amafika, n'kuyamba kumanga zipinda ziwiri? Muzikhala pa lendi chaka china uku mukukweza khoma. Abwana akasintha maganizo simudzalira, mwana sasintha sukulu.

Mphatso IT: Kumanga uli pa lendi ndi kulipira kawiri, bambo. Ndipo simenti imakwera uli mtulo. Ambiri anayamba choncho, nyumba zili pa windo levulo chaka chachisanu.

Bambo a Yankho: Bola khoma la pa windo levulo lopanda ngongole kusiyana ndi K420,000 mwezi ndi mwezi.

Jafali wa ku Joni: Pa windo levulo sugonapo, achimwene.

Nabanda: Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso, ngakhale mutu wayamba kuwawa. Nyumbayo ndikuifunabe, ndisaname, pakhonde pake pamapita kamphepo kabwino. Mawa ndikalankhula ndi a HR ngati za masiku atatuwa angazilembe mu kontirakiti. Adobadoba aimba kale kawiri madzulo ano, ati munthu wa ku Blantyre akubwera ndi ndalama Lachisanu, ndipereke kaye K2 miliyoni yogwirira.

Loya wa m'mudzi: Munthu wa ku Blantyre ameneyo amabwera Lachisanu lililonse. Musapereke.

Che Saidi: Loweruka ndili ndi ulendo wa ku Monkey Bay kukaona mdzukulu. Mukandipeze pa depoti 7 koloko, titsikira limodzi pa Makawa. Adobadoba musawauze. Tikalowera kuseri, ndipo tikacheza kaye ndi amayi oyandikana nawo nyumba.

Mphatso IT: Mutenge masimu onse awiri, foni ikhale yodzaza moto.

Asiyatu: Ine ndikwera nawo. Mukamakanda khoma ine ndikhala ndili kugombe kufunsa mtengo wa chambo.