Kambozi kokhala m'madzi: ndani akukadziwa?

Woyenda m'dambo:
Anzanga, dzulo m'mawa ndinaima m'mphepete mwa dambo ndikuyang'ana timasamba tobiriwira tija timaphimba madzi osayenda. Kenaka ndinangoona kampukutu ka timasamba, kutalika kwake ngati chikhadabo, kakuyenda kokha, mphepo kulibe. Nditakatola n'kukang'amba, mkati munali kambozi, kouma bwinobwino ngati sikanali m'madzi. Madzulo ake tiagulugufe toyera tinkauluka chamunsimunsi pamadzi omwewo. Ndi mwana ndi make? Nanga mbozi ipuma bwanji m'madzi?

Mlonda wa nyali:
Inde bambo, mwaona bwino. Ndi agulugufe a usiku a m'gulu la Acentropinae, omwe ana awo amakulira m'madzi. Wodziwika kwambiri ndi Cataclysta lemnata wa ku Ulaya, yemwe katswiri wa zamoyo Linnaeus anamulemba m'chaka cha 1758. Wamwamuna ndi woyera, wamkazi ndi wofiirira pang'ono, ndipo onse ali ndi timadontho takuda tondondozana m'mphepete mwa mapiko akumbuyo. Mukagwira wina, yang'anani pamenepo.

Zopuma n'zimene zimandisangalatsa ine. Ikadali yaing'ono, mboziyo imatenga mpweya m'madzi kudzera pakhungu. Ikakula, khungu limasiya kunyowa, ndiye imalumikiza timasamba ndi ulusi wake n'kusunga mpweya mkati mwa kanyumbako. N'chifukwa chake munaipeza youma. Kanyumba komweko ndi chakudya, ndi bwato, ndi pobisalira, ndipo imasanduka gulugufe ili m'kachikwa ka timasamba tomweto.

Mayi wa mpunga:
Inu mukuti zosangalatsa, ine ayi ndithu. M'bale wake wa ameneyu, Parapoynx stagnalis, anandiyeretsera munda wa mpunga nditangowokera kumene. Amadula nsonga ya tsamba, kuikulunga ngati kapaipi, n'kumayandama nayo kuchoka phando ili kupita linalo. Masamba amawapala mpaka kutsala oyera ngati pepala. Koma iyeyu amapumira timaulusi tam'mbali mwa thupi, sapirira pouma. Ndinangochotsa madzi m'munda masiku angapo, basi anachepa.

Mlonda wa nyali:
Pepani mayi. Komatu pali wina woposa onsewa, Acentria ephemerella. Aakazi ambiri mapiko awo ndi tizidutswa chabe, sauluka, amakhala m'madzi moyo wawo wonse. Amangofika pamwamba pa madzi kudzakumana ndi aamuna, kenaka n'kumiranso kukaikira mazira.

Woyenda m'dambo:
Zikomo nonse. Kambozi kaja ndinakasiya m'botolo ndi timasamba tina. Lero m'mawa ndapeza kamanga kale nyumba yatsopano.