Ana a Zomba ku Joni: Stella ya R9,000 ija, ndigule kapena ndisiye?

Wa pa Chinamwali (Kommetjie): Akuluakulu, mwaswera bwanji konseko? Ndikufuna nzeru kwa inu amene mumagwira za m'nyanja. Bwana amene ndimawasamalira gadeni ali ndi boti, ndipo Loweruka kukacha bwino amanditenga kokawedza. Reel yanga (makina okulungira ulusi pa ndodo yowedzera) ndi Daiwa BG 5000, ndimakolera nsomba za yellowtail ndi snoek cha ku Cape Point. Tsopano akuti mu Epulo tiyamba kulowa mkati kusaka tuna. Pali mnyamata wina akugulitsa reel ya Shimano Stella 20000 yogwirapo ntchito, akuti R9,000. Ndigule, kapena BG yomweyi ipirira?

Achimwene a ku Sadzi (Hout Bay): Mphwanga, uyambe wayankha ichi: pa boti la bwana wakoyo palibe zida za tuna? Ine ndimagwira pa boti lonyamula alendo okawedza. Tuna wa mtundu wa yellowfin timakamupeza mamailosi 20 mpaka 40 kuchokera pa Cape Point, ndipo si mnzake wa yellowtail ayi. Wa makilo 50 sitidabwa naye, ena amadutsa 80. Nsomba yoteroyo ambiri kuno sitilimbana nayo ndi ma reel a spinning ngati BG ndi Stella. Timatenga ma reel amphamvu otchedwa ma multiplier monga Tiagra 50W, munthu atamanga lamba m'chiuno kuti kulemera kuzipita kumiyendo. Spinning timaitulutsa nsomba zikakwera pamwamba, pofuna kuponya popper, nyambo yochita kupanga yoyandama pamadzi. Ngati bwana ali ndi zida zimenezo, iwe ukugulanji?

Wa pa Chinamwali (Kommetjie): Ali nazo ziwiri, achimwene. Kungoti ndimafuna yangayanga. Chinthu cha mwini umachigwira ndi mantha.

Achemwali a ku Matawale (Zomba): Yakoyako? Nyumba ili pa lintala chaka chino chachiwiri, mvula yonse yathera pa njerwa. Ine ndangodutsa, pitirizani.

Adimini: Kkkkk achemwali afika. Tiyeni timuthandize kaye mnyamatayu, za malata zibwera pambuyo.

Mmisiri wa ku Songani (Durban): Ndalowa mochedwa, ndinali pa benchi. Ntchito yanga ndi yomasula ma reel tsiku ndi tsiku, ndiye mundilole nditalikitseko.

Chimene chimapusitsa anthu ndi nambala ya drag (buleki ya reel yogwira ulusi nsomba ikamathawa) yolembedwa pa bokosi. Munthu akaona makilo 20 ndi kwinaku, mtima umadumpha. Koma drag timaimanga pa gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu ya ulusi. Braid (ulusi wolukidwa) ya mapaundi 80 ndi makilo pafupifupi 36, ndiye kuti drag yako isapitirire makilo 12. Ndipo 12 ameneyo si masewera. Tenga zigubu ziwiri za madzi za malita 5, uzimange kunsonga kwa ulusi, uyese kuzinyamula ndi ndodo yowedzera. Amenewo ndi makilo 10 okha. Ukhale choncho mphindi zisanu, kenako uganize kuti pansi pako pakugwedezeka ndi mafunde. Ambiri msana umayamba kulira reel isanalire.

Vuto la BG 5000 yako ndi lakuti malire ake ndi makilo 10, ndiye pa tuna izikhala ili kumapeto kwa mphamvu zake nthawi yonse. Mawashala a drag amatentha, ndipo akatentha drag imayamba kugwira ndi kusiya, kugwira ndi kusiya. Kudukiza kumeneko n'kumene kumadula ulusi. Chachiwiri ndi spool, pamene ulusi umakulungidwa. Tuna wamkulu akangomva mbedza amatha kutenga mamita 200 asanapume, kenako n'kumira pansi kumazungulira. Ulusi wokhuthala ulowa wochepa mu 5000, udzangoona chitsulo cha spool chikuwala. Pa yellowtail, snoek ngakhale tuna wocheperako wa longfin, BG imeneyo ndi yabwino kwabasi, usainyoze. Pa yellowfin wa makilo 60, ayi.

Malume a ku Kachulu: Ana inu, ine ndawedza pa Chilwa kuyambira nyanja isanaume mu 1995. Madzi athu nawonso ndi amchere, makamaka akaphwa, poti nyanjayi ilibe mtsinje wotuluka. Koma mlamba timaukoka ndi chingwe cha pamanja, opanda makina a ndalama zonsezo.

Achimwene a ku Sadzi (Hout Bay): Zoona malume, ndipo kunonso snoek asodzi akale amamukoka ndi chingwe cha pamanja mpaka lero. Koma tuna mukamukulungira chingwe kudzanja, chala chipita. Mchere wakenso ndi wina: lita imodzi ya madzi a kuno imakhala ndi magalamu pafupifupi 35. Mpeni ukauiwala pa boti usiku umodzi, m'mawa wayamba kale dzimbiri.

Mmisiri wa ku Songani (Durban): Apo pa mchere mpamene pagona ndalama za Stella. Thupi lake ndi lotsekedwa bwino kuti madzi asafike ku magiya, pamene BG yako ilibe zotchinga zoterozo. Koma zotchingazo ndi timalabala, timakalamba. Stella imene mwini wake sankaitsuka imaposedwa ndi BG yosamalidwa.

Tsono za mtengowo. Yatsopano ya saizi imeneyo imadutsa R20,000. Wina akakuuza 9,000, pali zitatu: ndi yakale kwambiri, ndi yodwala, kapena si yake. Za feki nazonso zilipo. Ukapita kokaiona uchite izi. Zungulitsa chogwirira pang'onopang'ono utaiika pakhutu. Ukamva ngati muli mchenga, maberingi kapena magiya apita. Bweza chogwiriracho mmbuyo mwadzidzidzi, chisasunthe ngakhale pang'ono. Kagudumu kamene ulusi umadutsapo ukazungulitse ndi chikhadabo, chifukwa beringi ya pamenepo ndi imene imayamba kufa. Tenga thonje ulipititse m'mphepete mwa spool: likakodwa, pali bala, ndipo bala limenelo lizidya braid nthawi iliyonse ukaponya. Uyang'anenso pansi pa phazi la reel ndi m'mbali mwa timasikuluu. Kaufa koyera ndi chizindikiro chakuti mchere walowa m'chitsulo. Timasikuluu tokalikakalika tikuuza kuti wina wosadziwa anatsegulamo kale. Ufunsenso kuti ndi ya chaka chanji, poti zina zakale zipangizo zake zimavuta kupeza.

Achimwene a ku Sadzi (Hout Bay): Ndipo lisiti, mphwanga. Lisiti kapena bokosi lake. M'madoko muno zida zimabedwa m'maboti ndi m'magalaja, ndipo eni ake amadziwana onse. Iwe mlendo ukapezeka pa doko utanyamula Stella ya munthu, palibe adzamve zoti unagula. Ntchito ithera pomwepo, mwinanso mapepala ako n'kulowa m'nkhani.

Wa pa Chinamwali (Kommetjie): Ndamva. Maganizo anga anali oti ndikakola tuna awiri atatu n'kugulitsa, ndalama ibwerera.

Achimwene a ku Sadzi (Hout Bay): Iyayi, pamenepo usayerekeze. Chiphaso chimene uli nacho ndi cha kuwedza kongosangalala, chija tinkagula ku positi ofesi. Nsomba ya chiphaso chimenecho ndi yodya pakhomo kapena kugawira anzako, kugulitsa ndi mlandu. Oyang'anira za nsomba amadikirira pamene maboti amatulukira, amawerenga nsomba ndi kufunsa ziphaso. Uonenso tsiku lothera chiphaso chakocho Epulo asanafike.

Mlamu wa ku Thondwe (Gqeberha): Alamu, chimene sanakuuzeni ndi chakuti reel siyenda yokha. Ndodo imene muli nayo ya yellowtail singanyamule Stella 20000, mufunika ina. Braid yodzaza spool imeneyo ndi mamita 400 kapena kuposa, kuwonjeza leader (ulusi womangira kunsonga kwa braid), ma popper, lamba wa m'chiuno. R9,000 ija mudzapeza yabereka inzake. Kugula mbuzi n'kosavuta, khola ndiye nkhani.

Mmisiri wa ku Songani (Durban): Ngati mtima wakana kugona, pali njira ya pakati. Shimano Saragosa SW kapena Penn Slammer, zonsezo ndi zotchingidwa ku madzi, zimagwira tuna, ndipo yatsopano ya m'sitolo yokhala ndi galanti siyifika theka la mtengo wa Stella yatsopano. Kwa munthu wopita ku tuna mwa apo ndi apo, kusiyana kwake sungakumve m'manja. Stella ndi ya amene amakhala pamadzi sabata ndi sabata. Uchenjere ndi manambala a saizi okha: 5000 ya BG ndi yaikulu ngati 8000 kapena 10000 ya Shimano, makampaniwa sawerenga mofanana. Ndipo pa Shimano ukaona PG ndiye ya magiya amphamvu okokera nsomba yomira, HG ndi yofulumira, yabwino poponya popper.

Koma ine ndikanakhala iwe, nyengo yoyambayi ndikanagwira za bwana. Ukoke tuna mmodzi ndi Tiagra, umve mmene amachitira, uone ngati msana ukulola. Pakali pano BG yakoyo uipatse ulemu. Ukabwera kunyanja, manga drag, uiwaze madzi a pampopi pang'onopang'ono, osati ndi mphamvu ya payipi ya gadeni chifukwa imakankhira mchere mkati. Ipukute, iume, kenako masula drag kuti mawashala asaphwatalale. Kadontho ka oyilo pa kagudumu kaja. Mawashala akatha, a kaboni ndi otchipa, umangowapaka girizi ya drag pang'ono.

Wa pa Chinamwali (Kommetjie): Ndamufunsa mnyamata uja za lisiti. Akuti anapatsidwa ndi msuweni wake, bokosi linatayika, ndipo ngati ndili ndi 7,000 lero lomwe nditenge.

Achimwene a ku Sadzi (Hout Bay): Watsitsa 2,000 pa funso limodzi? Usamuyankhenso. Lamlungu ubwere nayo BG ku Hout Bay tidzaitsegule limodzi, girizi ndili nayo. Ubweretse ndi ndodo, ndidzakuphunzitse mfundo ya FG yolumikizira braid ndi leader, chifukwa tuna ambiri amathawira pa mfundo.

Achemwali a ku Matawale (Zomba): Ndiye poti 9,000 ija yapulumuka, mawa ndilowa m'tauni kukafunsa mtengo wa malata a geji 28. Ndikutumizira kotesheni masana.

Malume a ku Kachulu: Amene akukwera basi ya ku Blantyre mwezi uno anditengereko mbedza zosachita dzimbiri, za saizi ya mlamba. Akazisiye kwa achemwali anuwo ku Matawale, mwana adzazitenga pa njinga.