Kupenta Datsun yakale kuti ioneke yosuluka ndi yadzimbiri, koma chitsulo chisadyeke

Datsun_Nchalo:

Akuluakulu, ndili ndi pick-up ya Datsun 620, ya m'ma 1970. Injini ndi chesesi zili bwino, vuto ndi bodi. Penti yabuluu yoyambirira inatsala m'zitseko mokha, boneti inapakidwa penti ya nyumba ndi burashi, ndipo pansi pa zitseko ndi m'makona a kumbuyo muli dzimbiri lenileni, pena mpaka pobowoka. Sindikufuna kuti inyezimire ngati yatsopano. Ndikufuna ioneke ngati galimoto yokalamba ndi dzuwa la kuno: pamwamba posuluka, pulayima yofiira ikusuzumira, timizere ta dzimbiri apa ndi apo, koma malata asapitirire kudyeka. Ndiyambire pati, mapenti ndiwasanje bwanji, ndipo pamwamba nditseke ndi chiyani? Ena akuti ndingopala n'kuthira viniga ndi mchere. Ntchito ichitikira m'shedi ya malata ku Nchalo, kompuresa ndi ya malita 100.

Wopenta_Ngabu:

Achimwene, za viniga ndi mcherezo zisiyeni. Dzimbiri limatulukadi m'maola ochepa, koma ndi dzimbiri lamoyo, ndipo mchere ukalowa m'misoko momwe malata anapindidwa simungautulutsenso. Lomwe mukufuna inu ndi dzimbiri lojambula, lokhala pamwamba pa chitsulo chotsekedwa bwino. Lenilenilo liyenera kufa kaye.

Tsukani galimoto yonse ndi sopo, kenako pukutani ndi mankhwala ochotsa girisi. Yesani penti yakale: nyowetsani kansalu ndi thina, kaikeni pachitseko kwa mphindi ziwiri. Penti ikafewa kapena kuchita makwinya, ichoke. Ikalimba, ingoipalani ndi sandipepa ya 320, ikhale. Boneti ija musaiyese n'komwe, palani mpaka pachitsulo, 80 kenako 180. Pobowoka dulani mpaka pamene lata ndi lathanzi, muwotchererepo chigamba cha 0.8 kapena 1 mm. Fila yomatidwa pa dzimbiri imatukumuka mvula yoyamba. Pamene dzimbiri lili pamwamba chabe, pitanipo ndi burashi ya waya pa girayinda, mupake mankhwala a phosphoric acid, pade bii, kenako mutsuke monga chitini chikunenera. Asidi wotsalira amaletsa pulayima kugwira.

Tsiku lomwelo poperani epoxy pulayima makoti awiri, nozo (kamwa ka gani yopoperera penti) ya 1.8 mm. Chitsulo chosavala chikagona usiku umodzi pafupi ndi Shire, m'mawa mumapeza chachita chikasu. Kasakanizidwe kake ndi hadena, mankhwala oumitsira penti, kamasiyana, zina 4:1 zina 1:1, choncho werengani pachitini ndipo yezani ndi kapu yoyezera, osati ndi maso. Sankhani epoxy yakuda, chifukwa ndiyo malire anu: popala mtsogolo muno, mukangoona chakuda dziwani kuti mwafika posayenera kupitirira. Iume maola 24, muikwechese pang'ono ndi 320.

Tsopano sanjani mitundu kuchokera pansi. Poyamba bulauni wakuda, kutanthauza magawo atatu a red oxide ndi limodzi la penti yakuda, makoti awiri odzaza. Pamwamba pake red oxide yeniyeni, makoti awiri. Kenako koti imodzi yopyapyala ya gireyi woyererako, padenga, paboneti ndi pamwamba pa madigadi pokha. Pomaliza buluu wanu, wopanda zonyezimira za metallic: m'mbali makoti awiri, pamwamba imodzi yopepuka, ndipo buluu wa pamwambayo muthiremo penti yoyera gawo limodzi pa magawo khumi. Pakati pa makoti dikirani mphindi 10 mpaka 15, nozo ya 1.3 kapena 1.4 mm, mphamvu ya mphepo 2 bar pa gani, dzanja masentimita 15 mpaka 20 kuchoka pabodi.

Pamene ambiri amagwera ndi pa red oxide. Ya m'mahadiweya, yopakira mageti ndi mafelemu a mawindo, kawirikawiri ndi enamel ya mafuta. Thina wa penti ya galimoto akaigwera imadzuka, n'kuchita makwinya ngati chikopa cha ng'azi. Pitani kwa osakaniza penti ku Blantyre kapena ku Limbe, akusakanizireni mtundu umenewo mu basecoat, penti ya galimoto yomwe imafuna chotsekera pamwamba, kuti mapenti onse akhale a banja limodzi. Pa 620 konzekerani pafupifupi malita atatu a epoxy, limodzi ndi theka la bulauni, awiri a red oxide, limodzi la gireyi, awiri a buluu ndi atatu a clear (chotsekera choonekera chopopera pamwamba), kuphatikiza mkati mwa bodi yonyamulira katundu.

MaiPenti_Bangula:

Zomwe anena a Wopenta_Ngabu ndi maziko, ine ndinene za kupala, chifukwa apa ndi pamene galimoto imaoneka yokalambadi kapena yoseketsa. Musanagwire sandipepa, tengani foni mukajambule mathirakitala akale, matilela onyamula nzimbe ndi malole omwe anaimikidwa kalekale kuseri kwa magalaja. Muone bwino. Kuno dzuwa limadutsa pamutu penipeni, ndiye zomwe zimapsa ndi denga, boneti ndi misana ya madigadi. M'mbali penti imakhalabe ndi mtundu wake, makamaka pansi pa mzere wa bodi. Galimoto yopalidwa mofanana paliponse imadziwika patali kuti ndi yopanga.

Kupatula dzuwa pali manja ndi katundu. Chitseko cha dalaivala, cha kumanja, chimatha pamwamba pomwe mkono umatsamira ndi mozungulira chogwirira. Cha kumanzere sichitha choncho, musazifananize. Pakamwa pa thanki pamatha chifukwa cha mafuta otayikira. M'mphepete mwa bodi yakumbuyo ndi pamwamba pa chitseko chake pamatha ndi matumba a mapira ndi mabelo a thonje okokedwa, ndipo mikwingwirima yake imakhala yowongoka, yolunjika komwe katundu amatsikira. Kuseri kwa matayala kumakhala timabala ta miyala.

Palani ndi dzanja, ndi madzi. Makina amasiya timizere tozungulira tomwe dzuwa silipanga. Yambani ndi 600 pakati pa boneti, muzipita kunja. Buluu akatha patuluka gireyi, kenako chofiira, ndipo pakatikati penipeni pokha mulole bulauni aonekere. Malire a mitunduyi afewetseni ndi 800, kenako pitani galimoto yonse ndi Scotch-Brite (kasiponji kokwechera) ya gireyi kuti kunyezimira kuthe. M'makona akuthwa penti imakhala yopyapyala, kukwecha katatu kokha mwafika pa epoxy, ndiye chenjerani. Mphindi zingapo zilizonse pukutani, mubwerere m'mbuyo mamita asanu, muyang'ane. Munthu akaweramira pamalo amodzi amapanga mawanga ofanana kukula ngati a kambuku. Malo aakulu awiri kapena atatu olumikizana amaposa timawanga makumi awiri.

Dzimbiri lojambula limafuna mitundu itatu: bulauni wakuda, bulauni wofiirira, ndi chikasu chonga dothi. Ng'ambani siponji ndi zala kuti isakhale ndi mbali yowongoka, iviikeni, muisinde papepala mpaka itatsala pang'ono kuuma, kenako muzidinda. Wakuda ayambe ndipo akhale pakati, wofiirira mozungulira, chikasu pang'ono zedi m'mphepete. Chikasu chikachuluka dzimbiri limaoneka la dzulo, pomwe lakale limakhala lakuda. Timizere totsika timayambira pomwe madzi amaima: pansi pa ngalande ya denga, pa mahinjesi, pa mabawuti, pa ngowe zomangira zingwe, m'makona a galasi lakutsogolo. Sungunulani penti gawo limodzi ku magawo asanu a thina, donthezani kadontho, mukakokere pansi ndi burashi youma kamodzi kokha. Galimoto ikhale itaima pa matayala ake pamalo osapendekeka, apo ayi mizere ipita chammbali, zomwe mvula sichita.

Ena amapaka Vaseline pa chofiira asanapopere buluu kuti penti idzasupuke ngati yothetheka. Zimatheka, koma ndi mafuta. Akatsalira ngakhale pang'ono, clear imathawa pamenepo n'kusiya timaenje tozungulira. Ine ndimalangiza siponji.

Makaniko_Chikwawa:

Pa Vaseline ndikusiyana nanu pang'ono, mayi. Pamalo ochepa ngati pamwamba pa chitseko chakumbuyo imatulutsa m'mphepete mwakuthwa momwe siponji singathe. Chofunika ndi kupukuta kawiri ndi mankhwala ochotsa girisi a madzi, nsalu yatsopano ulendo uliwonse, osati thina chifukwa asungunula basecoat. Koma zazikulu zomwe ndikufuna kuwonjezera ndi kutentha ndi madzi a kuno.

Nthawi zolembedwa pazitini amaziyezera pa madigiri 20. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumapitirira 40, ndipo m'shedi ya malata masana ndi ng'anjo. Penti imauma isanafike pabodi, n'kugwa ngati mchenga. Clear nayo imatseka pamwamba thina akadali mkati, kenako imaphulika timabowo ngati ta singano. Gulani thina ndi hadena wouma pang'onopang'ono, wa nyengo yotentha, ndipo poperani m'mawa, kuyambira 5:30 mpaka cha m'ma 8. Galimoto igone m'shedi, isachokere padzuwa. Ikani chikhatho paboneti, ngati ikutentha musapopere. Miyezi yabwino ndi Juni ndi Julayi. Nthawi ya dzinja chinyezi chimachititsa clear kuyera ngati mkaka, ndipo kompuresa imadzaza madzi. Muzitsegula kampopi ka pansi pa thanki m'mawa uliwonse, muikenso kasefa ka madzi pafupi ndi gani. Kompuresa ya malita 100 sikwanitsa kuzungulira galimoto yonse mphepo isanagwe, choncho poperani mbali imodzi imodzi, mudikire idzaze.

Madzi opalira: mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje ili ndi madzi amchere. Mukapala nawo, mchere umauma papenti, clear n'kuutsekera mkati, ndipo pakapita miyezi mumatuluka timatuza. Gwiritsani ntchito madzi a mvula osungidwa bwino, kapena pomaliza tsukuluzani ndi madzi oyera othira m'batire (distilled, osati asidi). Uzirani mphepo m'misoko yonse, galimoto igone tsiku lathunthu isanalandire clear. Pansi pa shedi wazani madzi pang'ono kuti fumbi ligone, koma osapanga zithaphwi.

Chotsekera chikhale 2K clear, yosakaniza ndi hadena, yosanyezimira, matt kapena satin, makoti awiri. Itakaseni bwino, chifukwa ufa womwe umapha kunyezimira umakhazikika pansi pa chitini, ndipo mukapanda kutero boneti ituluka ina, zitseko zina. Koti yonenepa imanyezimira kuposa yopyapyala, ndiye liwiro la dzanja lisasinthe. Dziwaninso kuti clear imadetsa mitundu, monga mwala ukanyowa. Yesani zonse pa chitseko chakale kapena chidutswa cha lata musanakhudze galimoto. Kachitsotso kakagwera mu matt simungakapolishe, mukapolisha pamenepo panyezimira mpaka kalekale.

Za thanzi musachite nazo masewera. Hadena wa 2K ali ndi isocyanate, yomwe imayambitsa mphumu yosachoka. Kansalu kapakamwa kapena kamasiki ka fumbi sikateteza. Chabwino koposa ndi masiki yolandira mpweya kuchokera kunja, ndipo pang'ono penipeni ikhale masiki ya makatiriji atsopano a nthunzi za penti, magolovesi, ovolosi ndi shedi yopita mphepo, ana ali kutali. Penti za magalimoto a zaka zimenezo zina zinali ndi mtovu, choncho yakaleyo ipaleni yonyowa pomwe mungathe.

Datsun_Nchalo:

Zikomo kwambiri akuluakulu, ndamva. Mafunso awiri otsala. Matt clear ikudula, kodi sindingapake mafuta a linseed monga ena amachitira? Ndipo ku Road Traffic galimoto yooneka chonchi siivuta pa COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu?

Wopenta_Ngabu:

Linseed wowiritsa, wosakaniza ndi thapentaini, ndi wa galimoto yomwe penti yake inasuluka yokha ndipo mwini akungofuna kuidyetsa mafuta. Amafuna kubwereza miyezi ingapo iliyonse, amakhala wonata masiku angapo, ndipo ndi fumbi la m'misewu ya ku East Bank galimoto isanduka yadothi sabata yomweyo. Pa ntchito yanu sakwanira n'komwe, chifukwa basecoat siinapangidwe kuti ikhale padzuwa yopanda clear, imafumbutuka, ndipo dzimbiri lanu lojambula lichoka pochapa. Nsanza zonyowa ndi linseed zikaunjikidwa zimatha kuyaka zokha, ndiye amene amugwiritsa ntchito aziyanike chotambasula kapena aziviike m'ndowa ya madzi. Ngati ndalama zavuta, gulani clear wamba ya 2K ndi mankhwala ophera kunyezimira padera, muyese muyeso wake palata mpaka mutakhutira. Njira ina ndi kupopera clear yonyezimira, iume sabata, muikwechese mofanana ndi Scotch-Brite ya gireyi, ngakhale iyi imagwira litsiro msanga.

Za COF, oyeza amayang'ana mabuleki, magetsi, matayala, chiwongolero, magalasi ndi kulimba kwa chesesi ndi bodi. Dzimbiri lojambula silibowola kanthu, koma woyeza akhoza kugogoda kuti atsimikize, n'chifukwa chake zigamba zija ziwotchereredwe bwino. Mtundu wa galimoto unalembedwa m'mapepala ake, choncho buluu akhalebe wochuluka moti aliyense pa rodibuloko anene kuti iyi ndi yabuluu. Mukafuna kusintha mtundu wonse, kadziwitseni a Road Traffic. Nambala, magetsi ndi zonyezimira za kumbuyo muzimate tepi popenta, zisakalambitsidwe nawo.

MaiPenti_Bangula:

Kwa ena owerenga omwe ali ndi Land Rover ya Series: zitseko, madigadi ndi boneti yake ndi aluminiyamu, sizichita dzimbiri lofiira. Pamenepo sanjani siliva wosanyezimira pansi, pulayima pakati, mtundu pamwamba, ndipo dzimbiri mulijambule pa mahinjesi, mabawuti ndi chitsulo cha pansi pa galasi lakutsogolo pokha. Ndipo inu a Datsun, clear ikatha musaichape kwa sabata ziwiri. Pambuyo pake madzi ndi sopo wa galimoto wopanda wakisi, nsalu yofewa, pamthunzi. Sopo waufa wochapira zovala amasiya mawanga oyera pa matt. M'kati mwa zitseko ndi m'mabokosi a pansi pa bodi poperanimo wakisi woteteza dzimbiri, ndipo timabowo totulutsa madzi pansi pa zitseko titsegulidwe ndi waya, chifukwa matope a madzi osefukira akatseka pamenepo lata limayamba kudyeka kuchokera mkati.