Makapisozi a m'kapulasitiki opanda dzina, amwe kapena asiye?

mayi_wa_awiri:
Abale ndithandizeni nzeru. Bambo a kunyumba akhala akutsokomola, dzulo apita ku famase ina mtauni muno awapatsa makapisozi m'kapulasitiki pamwamba pangolembedwa 1x3 basi, dzina la mankhwala palibe, tsiku lothera mphamvu palibe, atafunsa akuti ndi amoxicillin. Buku la kuchipatala sanawafunse nkomwe. Kodi zimenezi nzololedwa? Nanga famase yeniyeni munthu ungaidziwe bwanji? Mtima wanga sukukhazikika.

wa_mankhwala_BT:
Mayi, mwachita bwino kufunsa. Ine ntchito yanga ndi yomweyi ndipo zimandipweteka anzathu akamapanga zotere. Kutapa mankhwala m'chibotolo chachikulu nkuika m'kapulasitiki sikolakwika pakokha, ngakhale kuchipatala cha boma amatero, koma kapulasitikiko kalembedwe dzina la mankhwala, mphamvu yake kaya 250mg kaya 500mg, kamwedwe, masiku angati, ndi dzina la wodwala. Nanga akatuluka ziwengo usiku mukathamangira kuchipatala mukanena kuti amwa chani? Amoxicillin ali m'gulu la penisilini ndipo alipo anthu amene thupi lawo limadana naye mpaka kubanika, wogulitsa amayenera kufunsa zimenezo asanapereke. Komanso ndi antibayotiki, sagulitsidwa ngati Panado, pamafunika adokotala alembe kaye.
Bwererani nawo muwauze akuonetseni chibotolo chomwe atapamo, muone nokha tsiku lothera ntchito ndi nambala ya batch, yomwe imasonyeza gulu la mankhwala opangidwira limodzi kufakitale. Mukalowa yang'anani pakhoma, laisensi ya PMRA izioneka, ndilo bungwe loyang'anira mankhwala ndi mafamase lomwe linabwera ndi lamulo la 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Akakana kukuonetsani kapena akakukalipirani, kadandauleni konko.

Chikwawa_boy:
Zonse mwanenazi nzoona akulu koma tisaiwale thumba. Munthu ali ndi ndalama ya makapisozi 6 okha, wogulitsa atani, amubweze? Ndiye kwathu kuno famase ili kutali anthu amangogula pa okala kapena pamsika mankhwala atayalidwa padzuwa. Ine chimandiopsa ndi kutentha. Mabokosi ambiri amalemba kuti asungidwe posapitirira madigiri 30, nanga Okutobala wa kuno m'shopu ya malata yopanda siling'i? Insulin ya agogo anga, mankhwala a matenda a shuga, imafuna fuliji ya madigiri 2 mpaka 8, magetsi akathima tsiku lonse ndimafunsa kaye ngati ali ndi jenereta kapena sola ndisanagule, ena amandiona ngati wovuta koma ndi moyo wa agogo.

Gogo_Nachisale:
Mwanawe wa ku Chikwawa, theka la mankhwala ndi lomwe linatipweteka ife. Kale malungo tinkachiza ndi chloroquine, anthu kumangomwa awiri mutu ukaleka nkusiya, mapeto ake anasiya kugwira ntchito, mu 1993 boma linasintha kupita ku Fansidar, nayenso anafooka, mu 2007 kunabwera LA. LA yemweyu wamkulu amamwa mapilitsi 4 kawiri patsiku masiku atatu, onse 24, koma ena akumamwa tsiku limodzi otsalawo nkusungira mwana. Wogulitsa wachilungamo amuuze munthuyo kuti ndalama zikachepa apite kuchipatala cha boma, osamudulira dozi. Ndipo malungo ayeze kaye magazi, sikuti thupi lililonse lotentha ndi malungo ayi.

wa_mankhwala_BT:
Agogo mwalasa. Ndionjezere za mankhwala achinyengo poti ena amaganiza kuti ndi nkhambakamwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2017 linati m'maiko osauka ndi apakati mankhwala amodzi mwa 10 aliwonse amakhala abodza kapena osafika muyezo. Ku Gambia mu 2022 ana pafupifupi 70 anamwalira impso zitaonongeka atamwa mankhwala amadzi a chifuwa ochokera ku India omwe munali poizoni, mankhwalawo anawapeza potsata dzina la kampani ndi batch, nchifukwa chake ndikulimbikira za chibotolo chija. Mayi, chifuwacho ngati chafika masabata awiri, kapena akutuluka thukuta usiku ndi kuonda, asayambe nkomwe makapisoziwo, apite akayezetse makhololo za TB, kuchipatala cha boma nkwaulere.

mayi_wa_awiri:
Zikomo nonse. Chifuwachi chapitirira masabata awiri ndithu ndipo usiku akumanyowetsa malaya. Mawa mmamawa tilawirira kuchipatala, kapulasitikiko nditenga ndikawaonetse adokotala.