Wa lendi wakwanitsa miyezi iwiri osalipira, ndisinthe loko?

Bambo a Chisomo (Turffontein): Mwaswera bwanji abale. Abwana anga anasamukira ku Durban, anandisiyira nyumba yawo kuti ndiziyang'anira komanso kutolera lendi ya zipinda zinayi zakuseri. Ndiye pali mnyamata wina, wakwathu komwe, miyezi iwiri osapereka kalikonse. Ndikuganiza kuti mawa akapita kuntchito ndisinthe loko.

Mayi a Tadala (Rosettenville): Ayi achimwene, musayerekeze. Kuno ku South Africa si kwathu koti alandilodi akakwiya amangozula chitseko. Lamulo la PIE la 1998, loletsa kuthamangitsa anthu m'nyumba mwachisawawa, limati munthu satulutsidwa m'nyumba popanda chilolezo cha khoti, ngakhale akhale ndi ngongole. Kusintha loko, kumudulira magetsi kapena madzi, kumutayira katundu panja, mlandu wake ugwera inu amene mwagwira ndi manja. Inu ndinu mlendo m'dziko muno, abwanawo ali phee ku Durban.

Bambo a Chisomo: Nanga ndingokhala chete? Abwana akundiimbira tsiku lililonse.

Malume wa ku Yeoville: Munalemberana pepala polowa?

Bambo a Chisomo: Ayi malume, tinangogwirizana pakamwa. Ndinati ndi mwana wakwathu.

Malume wa ku Yeoville: Apo ndi pamene panavuta. Komabe pangano lapakamwa nalonso lamulo limalizindikira. Mulembereni kalata lero, mutchule ndalama zomwe zatsala, miyezi yake, ndi tsiku loti akhale atalipira. Asaine abwana, osati inu. Mutumizenso pa WhatsApp kuti pakhale umboni. Akapanda kulabadira, abwanawo akadandaule ku Gauteng Rental Housing Tribunal, bungwe la boma loona mikangano ya lendi, salipiritsa, ndipo amayamba ndi kukukhazikani pansi nonse. Koma kutulutsa munthu ndi khoti basi. Musanafike konseko khalani naye pansi mumve. Mwina maganyu amuthera, mutha kugwirizana kuti azipereka pang'onopang'ono sabata iliyonse, koma nazonso zilembedwe.

Mayi a Tadala: Ndiwonjezere za dipoziti, chifukwa ineyo zinandiwawa. Ndinaidya ya munthu wina ndikuti ndibweza, tsiku lotuluka ndinalibe, tinakangana mpaka kutchalitchi anamva. Lamulo la za lendi la Rental Housing Act la 1999 limati ndalama imeneyo isungidwe kubanki komwe imapanga chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho ndi cha wa lendiyo. Polowa muyendere limodzi chipindacho, mujambule makoma, mawindo, loko, zonse. Potulukanso chimodzimodzi. Ngati sanawononge kanthu ndipo alibe ngongole, mumubwezere pasanathe masiku 7. Ngati pali zokonza, mudule za zokonzazo, malisiti muonetse, zotsalazo alandire pasanathe masiku 14 chikonzereni.

Achimwene a ku Cosmo City: Magetsi mukugawana bwanji pamenepo? Kwathu kuno mkangano unali wa hita nthawi yozizira, June ndi July mayunitsi amangouluka. Tinaikitsa kamita ka prepaid pa chipinda chilichonse, aliyense azigula ake. Koma muitane wamagetsi wa mapepala, za kulumikiza mwachinyengo zija zimawotcha nyumba. Bilu ya madzi ya ku kanselo muziiona mwezi uliwonse, imabwera m'dzina la eni nyumba, ikachuluka afunsa inu.

Malume wa ku Yeoville: Ndipo aliyense akapereka lendi muzimulembera lisiti, tsiku ndi mwezi wake. Kabuku kake kamapezeka m'mashopu a zolembera.

Bambo a Chisomo: Zikomo abale, loko ndamusiya. Ndiwaimbira abwana madzulo ano za kalatayo. Malume, ndikailemba ndikutumizirani kumbali muione kaye.

Malume wa ku Yeoville: Tumizani, ndiweruka 6 koloko.